FBI, Zigawenga za M'dziko Momwemo ndi Mashushushu Athu: Mafunso ndi Mayankho

Nkhani za ku America zimatipeza ngakhale tisanazifune. Mwakwera minibasi m'tauni kupita ku Chawama, mnyamata amene mwapanikizana naye pampando akuonera vidiyo pa foni mokweza, ndipo mzungu wa m'vidiyomo akulumbira kuti chipwirikiti chakutichakuti anachikonza ndi a FBI. Musanatsike, basi yonse yagawikana. Ena akuti boma lililonse ndi choncho, ena akuti azungu sanganamize anthu awo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndakhala ndikuwamva m'mabasi, kometetsa tsitsi ndiponso kwa achibale amene ali ndi ana kunjako.

FBI ndi apolisi kapena ndi mashushushu?

Ndi zonse ziwiri, ndipo mavuto ake ambiri amayambira pomwepo. Kuno ku Zambia tili ndi polisi imodzi, kuchokera ku Chipata mpaka ku Mongu. Ku America kuli zigawo 50, chilichonse ndi boma lake, malamulo ake ndi apolisi ake, ndipo mizinda nayonso ili ndi apolisi akeake. Nthambi za apolisi m'dziko lonselo ndi pafupifupi 18,000. Pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu la ku Washington, ndipo FBI ndi ofufuza milandu a boma limeneli. Inayamba mu 1908, koma dzina lakuti FBI inalitenga mu 1935. Ili pansi pa unduna wa zachilungamo.

Wakuba nkhuku kapena womenya mkazi si nkhani yawo. Iwo amalowerera pa milandu yodutsa malire a zigawo, kuba anthu, ukazitape, katangale wa akuluakulu ndi uchigawenga. Amamanga anthu ngati apolisi, komanso amasonkhanitsa zinsinsi za anthu m'dzikomo. CIA ndi ina, ntchito yake ndi ya kunja kwa dziko. ATF ndi inanso, imaona za mfuti, mabomba, mowa ndi fodya. Muisunge ATF imeneyi, tikumana nayonso.

Akamati uchigawenga wa m'dziko momwemo amatanthauza chiyani?

Ambiri a ife tikamva mawu akuti zigawenga timakumbukira mabomba amene anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam pa 7 Ogasiti 1998, n'kupha anthu 224. Amenewo anali a Al-Qaeda, gulu la kunja. Uchigawenga wa m'dziko momwemo ndi wa mwana wa pakhomo: munthu wa ku America yemwe, wosatumidwa ndi gulu la kunja, amene wachita zoika miyoyo pangozi n'cholinga choopseza anthu kapena kukakamiza boma.

Tanthauzo limeneli analiika m'lamulo lotchedwa Patriot Act la mu Okutobala 2001. Chodabwitsa n'chakuti m'malamulo a boma lalikulu mulibe mlandu wodziimira pawokha wa dzina limeneli. Munthu amazengedwa mlandu wakupha, wa mabomba, wa mfuti, wa chiwembu kapena wa chidani cha mtundu. Dylann Roof, amene anapha anthu akuda 9 m'tchalitchi ku Charleston mu 2015, anamuzenga milandu ya chidani, osati ya uchigawenga. Boma la America lili ndi mndandanda wa magulu a zigawenga a kunja, ndipo kupereka ndalama ku gulu la pa mndandandawo ndi mlandu. Kupanga mndandanda wotero wa magulu a m'dzikomo kumawombana ndi ufulu wolankhula ndi wosonkhana umene malamulo awo aakulu amauteteza kwambiri.

Ife a ku Lusaka mawu akuti chigawenga tiyenera kumawamva ndi khutu lochenjera. Chipani cha ANC cha ku South Africa chinali ndi likulu lake mumzinda uno zaka zambiri, ndipo Nelson Mandela anabwera kuno mu Febuluwale 1990 atangotuluka m'ndende. Koma dzina lake linakhalabe pa mndandanda wa oganiziridwa uchigawenga ku America mpaka 2008.

N'chifukwa chiyani anthu akuda a ku America ambiri saikhulupirira FBI?

Chifukwa inawachita zoipa, ndipo umboni wake ndi makalata a FBI yomweyo. J. Edgar Hoover analamulira bungweli kuyambira 1924 mpaka imfa yake mu 1972, zaka 48, mapulezidenti akubwera n'kumapita iye ali pampando. Kuyambira 1956 mpaka 1971 anayendetsa ntchito yachinsinsi yotchedwa COINTELPRO. Cholinga chake sichinali kutengera anthu kukhoti ayi. Chinali kusokoneza magulu amene Hoover sankawafuna: kulowetsamo akapirikoni, kulemba makalata abodza kuti atsogoleri adane, kuchotsetsa anthu ntchito, kupasula maukwati. Anayamba ndi chipani cha Chikomyunizimu, kenako anafika kwa omenyera ufulu wa anthu akuda, otsutsa nkhondo ya ku Vietnam, komanso a Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda.

Martin Luther King Jr. ankamumvetsera mobisa m'mahotela amene ankagona. Mu 1964 anamutumizira kalata yopanda dzina pamodzi ndi tepi ya zimene anajambula, ndipo King atawerenga anamva kuti akumuuza kuti adziphe. Munthu woti chaka chomwecho analandira mphoto ya Nobel ya mtendere.

Ya Fred Hampton ndiye yowawa koposa. Anali mtsogoleri wa gulu la anthu akuda la Black Panther Party ku Chicago, mnyamata wa zaka 21. Mmodzi mwa oyang'anira chitetezo chake, William O'Neal, anali kapirikoni wa FBI, ndipo anapereka chithunzi cha mmene zipinda za nyumbayo zinakhalira, mpaka pamene panali bedi. Mbandakucha wa pa 4 Disembala 1969 apolisi a ku Chicago anathyola chitseko n'kuwomba zipolopolo zambirimbiri. Hampton anafa pamodzi ndi mnzake Mark Clark. Mlandu wa achibale unatenga zaka zoposa khumi, ndipo mu 1982 boma linavomera kulipira madola 1.85 miliyoni kwa mabanja ndi opulumuka.

Zachinsinsi zoterozo zinaululika bwanji?

Apa ndiye pondisangalatsa. Usiku wa pa 8 Malichi 1971 dziko lonse linali maso ndi makutu pa nkhonya za Muhammad Ali ndi Joe Frazier. Anthu wamba 8 anasankha usiku womwewo n'kuthyola kaofesi ka FBI m'tauni ya Media ku Pennsylvania. Ananyamula mapepala oposa 1,000 m'masutukesi, n'kuyamba kuwatumiza ku manyuzipepala. Nyuzipepala ya Washington Post inasindikiza ngakhale boma linaipempha kuti isatero. A FBI anawasaka anthuwo ndi mphamvu zawo zonse, osawapeza. Ena mwa iwo anadziulula okha mu 2014, atakalamba.

Pa pepala lina panali mawu akuti COINTELPRO, amene panthawiyo palibe wakunja ankawadziwa. Mtolankhani Carl Stern anapita kukhoti pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma, ndipo anapambana. Mu 1975 komiti ya aphungu yotsogoleredwa ndi Frank Church inafukula zotsalazo. Zitatero anaika lamulo lakuti mkulu wa FBI asapitirire zaka 10 pampando, ndipo mu 1978 anakhazikitsa khoti lapadera lopereka chilolezo chomvetsera anthu mobisa pa nkhani za ukazitape.

Muone kuti chimene chinagwetsa chinsinsicho sichinali mphekesera. Anthu ankanong'onezana kwa zaka zambiri kuti pali wina akuwatsata, ndipo ankawatcha amisala. Zinthu zinasintha mapepala atafika pa tebulo.

Nanga azungu a kumidzi okonda mfuti aja, iwo akudana nalo chifukwa chiyani boma lawo lomwe?

Mayina awiri: Ruby Ridge ndi Waco.

Randy Weaver ankakhala ndi banja lake paphiri ku Idaho, kutali ndi anthu, ndipo ankakhulupirira kuti azungu azikhala paokha. Anagulitsa mfuti ziwiri zofupikitsidwa mpope kwa munthu amene anali kapirikoni wa ATF. Atamuuza kuti nayenso akhale kapirikoni, anakana. Anamutsegulira mlandu, kalata ina imene anamutumizira inali ndi tsiku lolakwika, ndipo iye sanapite kukhoti. Mu Ogasiti 1992 kunali kuwomberana pafupi ndi nyumba yake. Anafa ndi wapolisi wa boma lalikulu William Degan ndi mwana wa Weaver, Sammy, wa zaka 14. Mawa lake katswiri wowombera patali wa FBI anapha mkazi wake Vicki ataima pakhomo, khanda lili m'manja. Khoti linamupeza Weaver wosalakwa pa milandu ikuluikulu, ndipo mu 1995 boma linalipira banjalo madola 3.1 miliyoni.

Patangopita miyezi 6, pa 28 Febuluwale 1993, a ATF anapita kukachita chipikisheni cha mfuti pa mudzi wa mpingo wa Branch Davidian pafupi ndi Waco ku Texas, umene mtsogoleri wake anali David Koresh. A mumpingomo anali atamva kale kuti kukubwera alendo. Anafa a ATF 4 ndi a mpingo 6. FBI inazinga malowo masiku 51. Pa 19 Epulo anayamba kuboola makoma ndi magalimoto ankhondo n'kumapoperamo utsi wokhetsa misozi. Masana nyumba inayaka, ndipo anthu 76 anafera momwemo, ana oposa 20 ali m'gulumo.

Nditawafotokozera zimenezi amalume anga a ku Lundazi, anangoti, "Ndiye za Lenshina zimenezo." Sanalakwitse kwenikweni. Mu 1964, ufulu uli pafupi, asilikali analimbana ndi a mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali, nkhondoyo inafika mpaka ku Lundazi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mayiyo anamwalira mu 1978 ali pa ukaidi wosachoka panyumba ku Chilenje, muno mu Lusaka. Mpingo wodzipatula, boma losaleza mtima, mbali zonse ziwiri zili ndi magazi m'manja, ndipo mpaka lero nkhaniyo imasiyana malinga ndi amene akukusimbira.

Ndiye moto wa ku Waco anayatsa ndani?

Kafukufuku wapadera wotsogoleredwa ndi John Danforth anatsimikiza mu 2000 kuti motowo unayatsidwa ndi a mumpingomo, osati boma. Panali ndi mawu ojambulidwa mobisa m'nyumbamo a anthu akukambirana zothira mafuta. Ine umboni umenewo ndimaukhulupirira. Koma FBI inadzipweteka yokha. Kwa zaka 6 inkakana kuti sinagwiritse ntchito chida chilichonse chotha kuyatsa moto, ndiye mu 1999 n'kuvomera kuti m'mawa wa tsikulo inaponya zipolopolo zingapo za utsi za mtundu woyaka. Anaziponya maola angapo moto usanayambe, ndiponso pamalo ena, koma ndani akanamvanso zimenezo? Wanama kamodzi pa kanthu kakang'ono, chachikulu chimene ukunena zoona chimapita nawo limodzi.

Kodi zigawenga zimenezi zilikodi, kapena ndi chonamizira cha boma?

Ziliko. Pa 19 Epulo 1995, zaka ziwiri ndendende chichitikire za ku Waco, Timothy McVeigh, amene anali msilikali pa nkhondo ya ku Gulf, anaimika lole yodzaza bomba la feteleza ndi mafuta pa nyumba ya maofesi a boma ya Alfred P. Murrah ku Oklahoma City. Anafa anthu 168, ndipo 19 anali ana, ambiri a iwo a pamalo osungira ana m'nyumba momwemo. Iye ankati akubwezera za ku Waco ndi Ruby Ridge. Maola oyambirira anthu ambiri ankaloza chala Aluya. Koma wolakwayo anali atagwidwa kale ndi wapolisi wa pamsewu, patangopita mphindi pafupifupi 90, chifukwa galimoto yake inalibe nambala kumbuyo. Anaphedwa mwalamulo mu Juni 2001, ndipo mnzake Terry Nichols ali m'ndende moyo wake wonse.

Panalinso Ted Kaczynski, amene ankatumiza mabomba m'maphukusi kuyambira 1978 mpaka 1995, n'kupha anthu 3 ndi kuvulaza 23. Anagwidwa mu 1996 chifukwa m'bale wake David anazindikira kalembedwe kake m'nyuzipepala n'kukauza a FBI.

Ndinamva kuti ziwembu zambiri amazikonza ndi a FBI okha kuti aoneke ngati akugwira ntchito. N'zoona?

Funso ili lili ndi fupa. Kuchokera pa 11 Seputembala 2001, pamene a Al-Qaeda anaukira America ndi ndege, FBI inauzidwa kuti isamadikire bomba kuphulika, izigwira anthu asanachite. Ndiye umamugwira bwanji munthu amene sanachite kanthu? Umamutumizira mnzake wabodza. Kapirikoniyo amacheza naye, amamvetsera ukali wake, kenako amabweretsa pulani, galimoto, ndalama ndi bomba losaphulika. Munthuyo akadina batani, maunyolo m'manja. Akapirikoni ambiri amalipidwa, ena amakhala ndi milandu yawo imene akufuna iwapepukire.

Amuna 4 osauka a ku Newburgh, m'chigawo cha New York, anagwidwa mu 2009 ataika mabomba abodza pa nyumba zopemphereramo Ayuda mumzinda wa New York. Kapirikoni anali atalonjeza mmodzi wa iwo madola 250,000. Anawalamula zaka 25 aliyense. Woweruza Colleen McMahon, amene anapereka chilangocho chifukwa lamulo linamumanga manja, anadzalamula mu 2023 ndi 2024 kuti atulutsidwe, ndipo ananena mosabisa kuti mwini chiwembucho weniweni linali boma.

Mu Okutobala 2020 anagwira gulu la amuna amene ankakonza zoba Gretchen Whitmer, bwanamkubwa wa Michigan. M'gululo munali akapirikoni ndi ofufuza odzibisa angapo. Mwa anthu 14 amene anazengedwa milandu, 9 anapezeka olakwa kapena anavomera okha, ndipo 5 anamasulidwa. Adam Fox analandira zaka 16, Barry Croft zoposa 19. Amenewa anapitadi usiku kukazonda nyumba ya mayiyo, sikuti ankangobwebweta pa mowa.

Lamulo la kumeneko limalola munthu kudziteteza ponena kuti boma ndilo linamukola ndi nyambo. Koma boma likangoonetsa kuti mtima wofuna kuchita choipacho anali nawo kale, chitetezocho chagwa, ndipo pa milandu ya uchigawenga sichipambana kawirikawiri. Maganizo anga ndi awa: kuika nyambo pa mbedza si kulakwa ngati nsombayo inali kale m'madzimo ikusaka chakudya. Koma ku Newburgh anakumba dziwe, n'kuthiramo madzi, n'kugula nsomba yomwe.

Nanga za pa 6 Januwale 2021 zija?

Otsatira a Donald Trump anathyola nyumba ya malamulo ku Washington pofuna kuletsa aphungu kutsimikiza kuti Joe Biden wapambana. Anthu oposa 1,500 anazengedwa milandu, ndipo Trump atabwerera pampando pa 20 Januwale 2025 anawakhululukira pafupifupi onse. Mphekesera yakuti FBI ndiyo inakonza zonsezo inafufuzidwa ndi ofesi yoyang'anira kayendetsedwe ka ntchito mu unduna wa zachilungamo. Lipoti lake la mu Disembala 2024 linapeza kuti akapirikoni 26 a FBI anali mu Washington tsikulo. Atatu okha ndi amene anatumidwa, enawo anapita mwa kufuna kwawo. Anayi analowa m'nyumbamo. Palibe amene analoledwa kulowa kapena kulimbikitsa chiwawa, ndipo panalibe wantchito wa FBI wodzibisa m'khamulo. Aliyense anatolapo chake pa lipotilo. Wina amangogwira 26 ija, wina amangogwira "palibe amene analoledwa".

Amagwirako anthu osalakwa?

Eya. Richard Jewell anali mlonda amene anaona chikwama cha bomba pa masewera a Olympics ku Atlanta mu 1996 n'kuyamba kuthamangitsa anthu. Patapita masiku atatu dzina lake linali m'manyuzipepala ngati woganiziridwa, ndipo anakhala masiku 88 akulozedwa zala asanayeretsedwe. Woponya bomba weniweni, Eric Rudolph, anagwidwa mu 2003. Brandon Mayfield, loya wachisilamu wa ku Oregon, anatsekeredwa milungu iwiri mu 2004 chifukwa akatswiri a FBI anasokoneza chidindo cha chala pa mabomba a sitima za ku Madrid. Anamupepesa n'kumulipira madola 2 miliyoni.

Wofufuza ofufuzawo ndani?

Makomiti a aphungu, makhoti, ofesi yoyang'anira ija, atolankhani, ndi anthu a m'kati amene atopa n'kuulula, monga Edward Snowden amene mu 2013 anaonetsa kuti bungwe la ukazitape la boma lotchedwa NSA linkasonkhanitsa mndandanda wa mafoni a anthu mamiliyoni. Zonsezi zimagwira ntchito mochedwa, nthawi zambiri maliro atachitika kale. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

A FBI angabwere kudzandimanga kuno ku Lusaka chifukwa cha zimene ndalemba pa Facebook?

Ayi. Alibe mphamvu yomanga munthu m'dziko la eni. Ali ndi nthumwi m'maofesi ena a akazembe, monga ku Pretoria ndi ku Nairobi, zimene zimagwira ntchito kudzera kwa apolisi a dzikolo. Chimene zolemba zanu zingakutayitseni ndi viza.

Nanga kuno kwathu, mantha a mashushushu anachokera kuti?

Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1973 mpaka 1991, amakumbukira kutsitsa mawu m'bala munthu wachilendo akalowa. Malamulo a nthawi ya ngozi, olola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, anagwira ntchito kuyambira 1964 mpaka 1991. Zipani zambiri zitabwera, chizolowezi sichinathe. Kenneth Kaunda yemwe anamangidwa pa Khirisimasi mu 1997, pambuyo pa kuyesa kulanda boma kwa Captain Solo. Hakainde Hichilema anamangidwa mu Epulo 2017 pa mlandu woukira boma chifukwa cha mdipiti wa magalimoto ku Mongu, mlandu wopanda belo, ndipo anatuluka mu Ogasiti boma litausiya mlanduwo. Ndiye munthu wa ku Kanyama akamva kuti wakutiwakuti wagwidwa pa zachitetezo cha dziko, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Ndi wa chipani chiti?"

Tili ndi lamulo lothana ndi uchigawenga la mu 2018, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma linasainidwa mu Disembala 2023, pamene la ku America ndi la mu 1966. Mu Epulo 2025 kunabwera malamulo atsopano a za pa intaneti, ndipo ofesi ya kazembe wa America muno mu Lusaka inachenjeza nzika zake kuti mauthenga awo akhoza kumamvetseredwa. Ndinaseka ndekha nditawerenga. Chenjezolo linali ndi mfundo, koma lochokera kwa eni ake a nkhani ya Snowden.

Poti boma limanama, si bwino kungokhulupirira zimene anthu akutumizirana pa WhatsApp? Paja utsi sufuka popanda moto.

Mwambi umenewo ndinkaukonda mpaka Febuluwale 2020. Mukukumbukira za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, zimene zinayambira ku Chingola n'kufika kuno. Ena ankati ndi a boma, ena ankati ndi otsutsa, ena ankati ndi okhwima ofuna magazi, ndipo panali olumbira kuti anaona munthu akusanduka mphaka. Poti apolisi sankakhulupiriridwa, makomboni anayamba kudzilondera okha. Asilikali anatumizidwa m'misewu. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa m'dziko muno, ena kuwotchedwa, ambiri popanda umboni uliwonse.

Kwathu tinkagona panja, amuna ndi zibonga pa mphambano, amayi ndi mapoto oti aziwomba akaona chachilendo. Usiku wina cha m'ma 10 mapoto analira. Anyamata anali atagwira bambo wina wovala ovolosi, pamsana atabereka pampu yopopera, m'manja muli kabotolo kopanda chizindikiro. Anali atamukhazika kale pansi, nsapato imodzi itavuka, wina akukunkhuniza tayala kuchokera kuseri. Bamboyo ankangobwereza kuti, "Nsikidzi, akuluakulu, ndi za nsikidzi," koma mawu ake sankamveka. Ine ndinali pomwepo ndi chibonga changa, ndipo sindinanene kanthu.

Anamupulumutsa ndi agogo ena a mumpingo mwathu, amene anakankha anyamatawo ndi ndodo yawo n'kumuunika kumaso ndi tochi ya foni. "Uyu si uja anatipoperera matiresi mwezi watha? Iwe, suja unandisiyira ngongole ya K30?" Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, wa tayala uja n'kulowa nalo mumdima. Bamboyo anatola nsapato yake, pampu anaisiya pomwepo. Ntchito ya nsikidzi akuigwirabe, ndimamuona nthawi zina pa siteji ya basi, koma mu mzere wa nyumba zathu salowamo ngakhale mutamuitana masana.